Chiwongolero cha boti chikugwedera, tikonze kapena tigule zatsopano?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Mangochi, dzina sinditchula. Mwachidule akuti anagula boti logwirapo kale ntchito ku Joni, la injini ya mkati ndi mwendo (chigawo chakunja chonyamula pulopela) wa MerCruiser Alpha One kumbuyo, ndiye pano chiwongolero chayamba kugwedera, akapotoza pang'ono boti silikumva, ndipo likakhala pa thirela akagwira mwendowo ndi manja ukumapita uku ndi uku chiwongolero chili duu. Makaniko wina wawauza kuti gimbal ring, mkombero umene umanyamula ndi kutembenuza mwendowo, yatha agule yatsopano, wina wa lefu (makina osepera zitsulo) akuti bweretsani tiwotcherere tisepe ibwerera mwakale pa mtengo wochepa. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Achimwene, pakadali pano musamvere aliyense kaye, chifukwa pa zomwe mwalembazo palibe amene wakuonetsani ndi chala malo enieni pamene pakugwederapo. Kuchokera pa chiwongolero kukafika ku pulopela pali zinthu zambiri, pali bokosi la magiya kuseri kwa chiwongolero, kebulo, pawa sitering'i ngati ilipo, kamkono kachitsulo kali mkati kuseri kwa injini, kenako shafuti yaifupi yoimirira imene imatsika kukalowa mu gimbal ring, ndiye ring'iyo ndi imene yanyamula mwendo wonse. Chilichonse mwa izi chikhoza kutha.

Pezani munthu wachiwiri. Iye akhale panja azigwedeza mwendo kumanja kumanzere, inu mulowe ndi tochi kuseri kwa injini muziyang'ana kamkono kaja, malo ndi opanikiza mutuluka ndi girisi kumaso koma palibe njira ina. Ngati kamkono kakuyenda limodzi ndi mwendo, thokozani Mulungu, vuto lili kutsogolo ku kebulo kapena ku bokosi, zimenezo nzosavuta ndipo ring yanu mwina ilibe mlandu. Koma ngati mwendo ukuyenda kamkono kali phee, basi nkhani ili pa shafuti ija, mwina pamwamba pamene kamkono kagwira kapena pansi pamene yalowa mu ring. Tulukani mulembe kamzere ndi maka kuchokera pa mutu wa shafuti kufika pa ring, agwedezenso, kamzere kakaduka ndiye kuti kugwedera kulidi pa ring imene makaniko woyamba uja anatchula.

Apa nditchuleko china poti anthu ambiri amasokoneza. Boti la mwendo umodzi chonchi likamayenda pang'onopang'ono limakonda kupepeluka ngati woledzera, kumanzere pang'ono kumanja pang'ono, ngakhale zonse zili bwinobwino. Ndi chibadwa chake chimenecho. Amene anazolowera ma Yamaha Enduro a pa maboti a matabwa amadabwa nazo nkuyamba kumasula zinthu zabwinobwino.

Tsono tinene kuti ndi ring. Shafuti ija ndi yachitsulo, mbali yake yolowa mu ring ili ndi makona anayi, pomwe ring ndi ya aluminiyamu, yofewa. Pa Alpha pali mabawuti awiri pamwamba pa ring amene amafinya kuti ziwirizi zigwirane, pa Bravo, mtundu wina wa mwendo wa MerCruiser, anaikapo U-bolt. Mabawuti amenewa amayenera kumangidwa nthawi ndi nthawi koma eni maboti ambiri sadziwa nkomwe kuti alipo, akangomasuka pang'ono chitsulo chimayamba kudya aluminiyamu, funde lililonse kakudya, mpaka bowo la makona anayi lija limasanduka ngati lozungulira. Ndiye choyamba, masulani mabawutiwo muwatsuke mumangenso ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, molingana ndi buku la injiniyo, osati kuponda sipanala ndi phazi ayi, muthyola khutu la ring. Kugwedera kukatha, mwapulumuka. Koma mukaona kuti kampata ka pa ring katsekeka kale milomo yakumana koma kugwedera kulipobe, palibenso choti nkufinya, nyama yatha.

Za owotcherera aja. Sindikuwanyoza, amisiri a kuno amapanga zodabwitsa ndi zinthu zoti kwina akanataya kalekale, ndipo kunja kuli mashopu amene ntchito yawo ndi yomweyi yodzaza ring nkuisepanso. Koma iwo aja ali ndi zogwirira zake zoonetsetsa kuti bowo lapamwamba ndi lapansi ali pa mzere umodzi. Aluminiyamu youmba imene yakhala m'madzi zaka ndi zaka imavuta kuwotcherera, imatulutsa timabowo mkati toti ndi maso simungatione, komanso kutentha kumaipinda. Ikapindika pang'ono chabe chiwongolero chimalimba ndipo mabushi atsopano amatha msanga. Nanga ikathyoka? Galimoto imaima pambali pa msewu, koma apa mwendo umapotokera mbali imodzi boti lili pa liwiro, limatembenuka mwadzidzidzi anthu nkugwera m'madzi, ndiye ganizirani zimenezo mu Julayi mwera utakwiya. Ine wa lefu ndingamupatse ntchito yosepa mabushi, ring ayi. Ndipo aja amakhomerera tizidutswa ta chitini m'mpata kuti pagwire, musawalole ngakhale kuyandikira.

Chinanso chimene chimandipangitsa kunena kuti gulani ndi ntchito yake. Nati yomanga shafuti ndi bawuti ya kamkono zili mkati mwa chigoba cha pa transom (khoma lakumbuyo kwa boti) mosafikirika, ndiye pali njira ziwiri, kuzula injini kapena kuboola chigobacho m'mbali nkudzatsekapo ndi mapulagi ake. Njira yoboolayi ndi yodziwika, imagwira, bola woboolayo akhale ndi pepala la muyeso wake osati kungolota. Mwendo uchoke, bell housing (chigoba chimene mwendo umamangidwapo) ichoke, ma bellows (mapaipi a labala opindika) achoke. Mutavutika chonsecho nkubwezeramo ring yowotcherera kuti miyezi ingapo mudzamasulenso? Ayi achimwene.

Ndipo musagule ring yokha. Shafuti ija imachita dzimbiri pamene pamakhala seal yotchinga madzi, makamaka ngati botilo linkayenda m'madzi amchere cha ku Durban lisanabwere kunyanja kwathu kuno, dzimbirilo limang'amba seal madzi nkumadontha mkati. Yang'anani kuseri kwa injini, mukaona mzere wofiira wotsika kuchokera pamene pali kamkono ndi chimenecho. Shafuti, seal, mabushi apamwamba ndi apansi zonse zipite limodzi, ziliponso shafuti za stainless mukaipeza tengani. Poti zonse zili pansi kale sinthaninso ma bellows, awa ndi amene amamiza maboti ali pa doko usiku, muzunguze gimbal bearing (bering'i imene shafuti yochokera ku injini imadutsamo) ndi chala mumve ngati ikulira mchenga, muonenso shift cable, kebulo ya magiya. Pobwezera mwendo makaniko ayeze alignment ndi chitsulo chake kuti injini ndi mwendo zikhale pa mzere umodzi, akangolowetsa ndi mphamvu mudzalira ndi coupler, cholumikizira injini ndi shafuti ya mwendo.

Ndikudziwa forex ndi mavuto ndipo katundu yense ngoyitanitsa ku Joni, ndiye ya second hand si tchimo, bola wokuguliraniyo alowetse shafuti yabwino mu bowo amve ngati ikugwira thithithi. Samalani kuti Alpha One ilipo mitundu iwiri, yakale ndi Gen II imene inayamba cha mu 1991, zida zambiri sizilowana, tumizani serial number ya pa transom osati chithunzi chokha cha pa WhatsApp. Likanakhala boti la mwendo wa OMC Cobra bwezi ndikuyankhula mofewa pa zowotcherera chifukwa kampani yake inagwa mu 2000 ndipo zida zina nzosowa, koma za MerCruiser zili mbwee.

Musanatulutse ndalama iliyonse, chitani ichi. Kwezani mwendo m'mwamba muutsamire ndi thupi lonse kwinaku mukuyang'ana khoma lakumbuyo kwa boti. Maboti ambiri akale mkati mwa faibala muli pulayiwudi, ikaola khoma limapuma ngati chifuwa, ndipo likapuma ndiye kuti ring ndi nkhani yaing'ono pa mavuto anu. Yesani zimenezi kumapeto kwa sabatayi mundilembere zomwe mwapeza, serial number ija muyikemonso, koma alendo opita ku chilumba cha Boadzulu ayambe akwera lina kaye.