Yankho kwa achimwene ofunsa za malonda a ma 4x4 akale

Achimwene, mwafunsa kuti malonda a ma Land Cruiser ndi ma Land Rover akale timayendetsa bwanji, komanso chifukwa chake galimoto ya zaka 30 ikumadula kuposa Vitz ya dzulodzuloli. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, poti ndi pomwe pagona malonda onsewa.

Ogula alipo amitundu iwiri. Woyamba amafuna ntchito: mlimi wa fodya ku Kasungu, eni malo ogona alendo ku Liwonde, mpingo womwe uli ndi nthambi kumapiri komwe dzinja galimoto wamba siifika. Ameneyu amafunsa Land Cruiser 70 kapena 80, makamaka ya injini ya 1HZ, ya dizilo ya malita 4.2 yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1990. Makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande amaimasula n'kuibwezera popanda kompyuta, ndipo masipeya ake savuta.

Wachiwiri amagula mbiri. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, bodi yake ya aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo itangotha. Toyota inatulutsa galimoto yotchedwa BJ mu 1951, n'kuipatsa dzina la Land Cruiser mu 1954, ndipo mtundu wa 40 unapangidwa ku Japan kuyambira 1960 mpaka 1984. Kutsatsa nakonso kunagwira ntchito yake. Kuyambira 1981 mpaka 1998 mpikisano wa Camel Trophy unkaonetsa magalimoto achikasu a Land Rover akuwoloka mitsinje ndi kuwoloka matope ofika m'magalasi, ndipo wa 1991 unachokera ku Tanzania kupita ku Burundi. Ana omwe ankaonera zithunzizo lero ndi akuluakulu andalama. Land Rover ya mtundu wa Defender itasiya kupangidwa ku Solihull, ku Britain, mu Januwale 2016, mitengo ya zakale inakwera. Onjezani lamulo la ku America lolola galimoto yomwe yakwana zaka 25 kulowa popanda kutsata malamulo a magalimoto atsopano, muona chifukwa chake mukamapikisana pa okushoni ku Japan simulimbana ndi Amalawi anzanu okha.

Njira zobweretsera ndi ziwiri. Ya ku Japan imatsikira pa doko la Dar es Salaam, dalaivala n'kuiyendetsa kudutsa ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe. Ya ku South Africa imadzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Ma Land Rover ambiri timawapeza ku South Africa, poti ena ankalumikizidwira ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, kuphatikizapo Defender ya injini ya petulo ya BMW ya 2.8.

Yochokera ku Joni musaitulutse popanda kalata ya apolisi ya SARPCCO yotsimikiza kuti si yobedwa. Nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge nokha pa chitsulo, chilembo ndi chilembo, muyerekeze ndi zomwe zili pa pepala. Ma Land Rover akale ambiri anasinthidwapo injini kapena chasisi m'zaka zapitazi, mwini wake osakalembetsa. Galimoto yotero imagona pa boda mpaka udzu kumera m'matayala, ndipo madobadoba omwe angakuuzeni kuti akonza zonse amangodya ndalama zanu. Pezani ejenti wovomerezeka ndi MRA, bungwe lotolera misonkho.

Msonkho muwerengeretu musanatumize ndalama. A MRA amayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye yakale ya injini yaikulu imakhomedwa zedi. Ambiri omwe ndawaona akugwa m'malondawa anagwera pamenepa: mpamba wonse anathera pogula ndi pa sitima, galimoto n'kufika pa Songwe m'thumba mulibe kanthu.

Chomwe ndimafuna mumvetse kwambiri ndi kaonedwe ka galimotoyo. Penti asakukopeni. Yalani katoni pansi, mugone chagada, mutenge kahamala muzigogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwe ngwe. Chodyeka chimangoti phu, zidutswa za dzimbiri n'kumakugwerani kumaso. Pa Land Rover bodi siichita dzimbiri, n'chifukwa chake imanyenga anthu, koma chasisi ndi chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu zimawola mwakachetechete. Pa Land Cruiser tengani kamaginito muyendetse m'munsi mwa zitseko ndi m'mbali mwa denga. Pomwe sikakugwira panamatidwa phala lobisa chilema. Kenako mukhome ma habu, zokhomera za pakati pa matayala akutsogolo, mulowetse giya ya 4x4 pa dothi, mumve ngati matayala onse anayi akukoka. Injini muilize m'mawa isanatenthe, muone utsi. Ine galimoto ya m'mbali mwa nyanja, monga ya ku Durban, ndimaiopa kuposa ya kumtunda, monga ya ku Gauteng, chifukwa mphepo ya mchere imadya chitsulo. Ya ku Japan simungaigogode, ndiye muumirire pepala la okushoni ndi zithunzi za kunsi musanalipire.

Pogulitsa, dziwani amene mukulankhula naye. Wofuna ntchito muuzeni za injini, masipuling'i ndi matayala, mumulole aiyese mtunda. Wofuna mbiri musamupentere galimoto; iye amalipira penti woyambirira, mipando yake yeniyeni ndi manambala ogwirizana, ngakhale bodi ili ndi zipsera. Zimandiwawa ndikaona munthu wadula Land Cruiser 40 yabwinobwino kuti aikemo injini ya minibasi, chifukwa waphetsa mtengo wake ndi manja ake. Pa Facebook ndi pa WhatsApp ikani zithunzi za kunsi ndi vidiyo ya injini ikulira, ndipo chilema chilichonse munene nokha. Ogula magalimotowa ndi ochepa ndipo amadziwana.

Ndalama zimagona nthawi yaitali m'malondawa, ndipo kwacha ikatsika galimoto ili m'njira, phindu limapita. Ngati mpamba wanu ndi wochepa, yambani ndi masipeya ochokera ku Johannesburg, monga ma kilachi, ma injekitala, kuti mudziwane ndi eni magalimotowa. Galimoto yoyamba muitanitse pokhapokha wogula atapereka kale ya chikole, ndipo mgwirizano wanu ulembedwe pa pepala, msonkho uli momwemo.