Athandizeni bambo, koma nambala ya pa akaunti ikhale yawo

Achemwali, mwati ofesi ya penshoni yalengeza kuti zonse zizichitika pa intaneti, pomwe bambo anu ndi a zaka 71 ndipo foni yawo ndi ya mabatani. Mukufunsa ngati mungowatsegulira akaunti pa nambala ndi imelo yanu, kapena muwagulire foni yamakono n'kuwaphunzitsa. Za foni yatsopanoyo mutha kuyamba mwadikira, koma nambala yanu isalowepo ayi. Ine ndinapsa nazo zimenezi.

Ndinkathandiza azakhali anga, ndili pachangu. Fomu inafuna nambala ya foni, ndinalemba yanga. Inafuna imelo, ndinalembanso yanga. Mphindi khumi zokha zonse zinatheka, ndinachoka ndikudzitama. Patapita chaka ndinataya foni n'kusintha nambala, za akaunti ija osazikumbukanso. Uthenga woti akatsimikizire kuti akadali moyo unapita ku nambala yakale, chikumbutso chinakagona mu imelo yanga pakati pa zotsatsa malonda. Tinadzidzimuka ndalama zitaima. Ku ofesi, mlembi anati atumiza kanambala kachinsinsi ku foni imene inalembetsedwa. Azakhali ali chiimire pomwepo, chitupa chili m'manja, nkhope ndi yomweyo ya pachithunzi, koma kompyuta ikufuna foni yoti kulibe. Tinayenda maulendo atatu kuti zikonzeke, ndipo mawu amene anandiwawa ndi amene ananena tikubwerera ulendo wachiwiri: "Ndalama ndi zanga, koma kuti ndizione ndiyambe ndakufunafuna iwe."

Mawebusaiti ambiri a boma ndi a mabanki munthu amamudziwira pa nambala ya foni. Mukaiwala pasiwedi, kapena mukalowa pa foni ina, amatumiza kanambala pa SMS kamene kamatha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Amene walandira kanambalako ndiye mwini akaunti m'maso mwa makinawo. Ubwino wake, foni ya mabatani imalandira SMS bwinobwino. Choncho lembetsani nambala ya bambo, inu muzidzaza fomu pa foni yanu iwo ali pambali, kanambala kakafika akuwerengereni okha. Imelo ikafunika, atsegulireni ya dzina lawo. Muzionetsetsanso kuti layini yawo ikugwiritsidwa ntchito, chifukwa makampani a foni amatseka nambala ikakhala miyezi ingapo ili duu, kenako n'kuipereka kwa munthu wina.

Musanachite zonsezo, pitani nawo ku ofesiko mukafunse maso ndi maso kuti munthu amene sagwiritsa ntchito intaneti njira yake ndi iti. Safunsa anadya phula. Chikalata cha pakhoma chimangoti "zonse pa intaneti", koma kawirikawiri pamakhala kauntala imodzi, nambala yoimbira, kapena fomu ya papepala imene saitchula pokhapokha mutaifunsa. Ngakhale ku Denmark, kumene kuyambira mu November 2014 aliyense wa zaka 15 kupita m'mwamba amayenera kulandira makalata a boma kudzera pa njira ya pa intaneti yotchedwa Digital Post, lamulo lomwelo limalola munthu amene sangakwanitse kupempha kuti azilandirabe makalata a papepala. Mufunsenso ngati ali ndi njira yolembetsera womuimirira. Pamenepo inu mumalowa ndi dzina lanu, ofesi ikudziwa kuti mukuchitira bambo anu ndipo iwo anavomera. N'zosiyana kwambiri ndi kulowa mobisa ngati ndinu iwowo. Mawa pakadzasokonekera kanthu, abale sadzayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira.

Bambo asadzione ngati otsalira. Bungwe la United Nations loona za mafoni ndi intaneti, ITU, linati m'chaka cha 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti, ndiye kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi. Ku Spain, dokotala wina wopuma ntchito wa zaka 78, Carlos San Juan, atatopa ndi mabanki omangouza okalamba kuti apite pa makina, anayambitsa pempho lakuti iye ndi wokalamba chabe, si chitsiru. Anthu opitirira 600,000 anasayina, ndipo mu February 2022 mabanki a m'dzikomo anavomera kuwonjezera maola othandiza okalamba pa kauntala. Kwa ine, ofesi imene yatseka kauntala isanaganizire anthu ngati bambo anu yangosamutsira ntchito yake kwa ana ndi adzukulu, mwaulere.

Nanga foni yamakono? Afunseni kaye. Ngati mtima wawo uli poti azionera zithunzi za adzukulu pa WhatsApp, gulani, aphunzira msanga chifukwa akufuna okha. Koma ngati mukugulira fomu ya kamodzi pachaka, idzangokhala m'kabati batire itatha, ndipo chaka chamawa adzakhala ataiwala zonse.

Mukagula, dziwani kuti vuto lalikulu limakhala zala ndi maso, nzeru ali nazo. Azakhali anga ankadina mwamphamvu n'kugwiritsa chala monga amachitira pa mabatani, ndiye m'malo moti chinthu chitseguke, sikirini inkatulutsa zina. Kanambala kakabwera, ayambe afuna magalasi, atuluke pa tsamba kukawerenga uthenga, pobwerera tsamba lasowa, nthawi yatha. Tinakulitsa zilembo, tinaika pepala ndi cholembera pafupi kuti azikopera kanambalako, ndipo ndinaphunzira kupinda manja. Apa ndi pamene ambirife timalephera: ukaona akuchedwa umangotsomphola foni, "bweretsani kuno", wamaliza m'masekondi asanu, iwo sanaphunzirepo kanthu koma manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitseni ntchito imodzi yokha, aibwereze mpaka iwalowe, ina idzabwere sabata ina.

Pasiwedi alembe m'kabuku kokhala kunyumba. Ndikudziwa ena anditsutsa, koma wakuba wa pa intaneti sangatsegule kabati ya kuchipinda, pomwe pasiwedi ya chaka chobadwa amailota mosavuta. Kabukuko kasamayende limodzi ndi foni basi.

Chinthu chimodzi muwauze mobwerezabwereza mpaka atope nanu: kanambala ka pa SMS sapatsa munthu woimba foni, kaya akuti ndi wa ku ofesi ya penshoni, wa ku banki, kapena akuti akaunti itsekedwa lero lomwe. Akathyali amakonda nthawi ngati ino imene ofesi yangosintha kachitidwe, poti aliyense amakhala akuyembekezera uthenga wachilendo. Akaimbiridwa adule, aimbire inu, kapena nambala imene munakatenga ku ofesi kuja.

Tsiku lolembetsa mutenge chitupa chawo, kalata yakale imene ili ndi nambala yawo ya penshoni, magalasi, ndi foni yodzaza moto. Dzina mulilembe ndendende monga lilili pa chitupa, ngakhale ngati analilakwitsa kalekale, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana kompyuta imakana. Mukamaliza jambulani tsamba lotsimikizira, ndipo nambala ya pempho alembe m'kabuku kaja ndi dzanja lawo.