Ndinalemba zoona, angandisumirebe?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti analemba pa gulu la WhatsApp la banki m'khonde yawo kuti msungichuma waba ndalama za gulu, ndiye walandira kalata ya loya yoti awasumira pa mlandu woipitsa mbiri. Akufunsa kuti: "Poti ndinanena zoona, ndiopenji?"

Mayi, kunena zoona kumateteza ndithu. Malamulo omwe makhoti athu anatengera ku England amati munthu sangalandire chipukuta misozi chifukwa cha mawu oona. Koma apa mpamene ambiri amagwera m'mbuna: khoti limayamba ndi kuganiza kuti mawu oipitsawo ndi abodza. Msungichuma uja sadzafunika kutsimikiza kuti sanabe. Ntchito yobweretsa umboni woti anaba ndi yanu.

Umboniwo sukhala wa "anthu onse akudziwa" kapena "ndinamva kwa mlembi". Kubwereza mphekesera khoti limakuona ngati mwanena nokha. Onaninso mawu anuwo. Munalemba kuti "waba". Ngati buku la gulu likungoonetsa kuti ndalama zaperewera, zimenezo sizikwanira, chifukwa ndalama zimathanso kuperewera munthu akalakwitsa masamu.

Sikuti kanthu kalikonse kakang'ono kakhale ndendende. Mu 1865 ku England, kampani ya sitima za pamtunda ya North Eastern Railway inalengeza kuti munthu wina wotchedwa Alexander, yemwe anakwera opanda tikiti, anagamulidwa kulipira faindi kapena kukhala m'ndende masabata 3, pomwe anali masabata 2. Alexander atasumira kampaniyo, khoti linati kusiyana kotereku sikungagwetse kampaniyo pakokha, bola fupa la nkhani likhale loona.

Koma kutsimikiza fupalo kumatopetsa. David Irving, wolemba mabuku wa ku Britain, atasumira wolemba wina, Deborah Lipstadt, ndi kampani yosindikiza mabuku ya Penguin Books ku London chifukwa chomunena kuti amakana zoti a Nazi anapha Ayuda mwadongosolo, panafunika katswiri wa mbiri yakale, Richard Evans, kuti afufuze zolemba za Irving ndi kuonetsa pomwe anapotoza. Lipstadt anapambana mu Epulo 2000, koma patapita zaka ndiponso ndalama zambiri.

Zimandiwawa kuona munthu amene ndalama zake zasowa akuopsezedwanso ndi kalata, koma musayankhe mwaukali pa gulu paja. Mukaumirira kuti ndi zoona kenako n'kulephera kutsimikiza, chipukuta misozi chikhoza kukwera. Sonkhanitsani buku la masheya, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ndi mayina a mamembala omwe analipo tsiku lotsegula bokosi, mukaonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau musanayankhe kalatayo.