Mtsempha waukulu wa mtima watsekekeratu, koma munthu akuyenda: zimatheka bwanji?

Owerenga wina watilembera pa imelo kuti: "Bambo anga amamva kuwawa pachifuwa akamakwera chitunda. ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima papepala) sinaonetse vuto lalikulu, koma atawajambula angiogram (chithunzi cha mitsempha ya mtima), adokotala anati mtsempha wotchedwa left main watsekekeratu. Nanga ali moyo bwanji? Ndipo ECG inalephera bwanji kuona?"

Kudabwa kwanu n'komveka, chifukwa zoterezi sizichitikachitika. Mtima umadyetsedwa ndi mitsempha iwiri yochokera patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima kupita m'thupi lonse. Wakumanzere uli ndi thunthu lalifupi, lotalika pafupifupi sentimita imodzi, lomwe ndiye left main, kenako umagawanika pawiri: LAD wotsika kutsogolo kwa mtima, ndi circumflex wozungulira cham'mbali. Thunthuli limadyetsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chipinda chakumanzere chopopa magazi. Likatsekeka mwadzidzidzi, ambiri safika n'kuchipatala komwe.

Bambo anu apulumuka chifukwa kutsekekako kunabwera pang'onopang'ono. Pamene mafuta amaunjikana mu left main, timitsempha ting'onoting'ono tochokera ku mtsempha wakumanja tinakula n'kuyamba kulowetsa magazi kumanzere chobwerera m'mbuyo. Magazi akatha miyezi 3 osadutsa n'komwe, madokotala amati ndi chronic total occlusion.

Apa ndi pamene ECG imanyenga. Munthu akakhala phee, timitsemphato timakwanitsa ntchito, ndiye pepala limaoneka labwinobwino. Ngakhale troponin (chizindikiro cha kuwonongeka kwa minofu ya mtima) m'magazi sakwera, poti minofu ya mtima sikufa panthawiyo. Akajambula ECG ululu uli mkati, kagawo ka mzere wake kotchedwa ST kakhoza kukwera ndi milimita imodzi mu aVR (imodzi mwa mbali 12, kapena kuti ma lead, zomwe ECG imaonerako mtima) n'kutsika m'ma lead 6 kapena kuposa. Komatu chizindikirochi chimangochenjeza, chifukwa chimaonekanso mitsempha itatu ikachepa njira nthawi imodzi. Wodwala woganiziridwa vutoli asathamangitsidwe pa treadmill (makina othamangapo poyeza mtima), chifukwa mtima wake ungasokonezeke kagundidwe pomwepo.

Chomwe chimagamula ndi angiogram. Kachubu kamalowetsedwa pamtsempha wa pamkono kapena wa m'mphechepeche mpaka patsinde pa aorta, n'kuthira mankhwala oonekera pa X-ray. Msampha uli apa: kachubu kakalephera kupeza khomo la left main, n'kosavuta kuganiza kuti kachubuko n'kosayenera, kapena kuti mtsemphawo unamera pena chibadwire. Dokotala wosamala amathira mankhwalawo mu aorta momwemo kuti aone ngati pali kachitsa kotsala, kenako amathira mu mtsempha wakumanja n'kupitiriza kujambula masekondi angapo. Akafulumira kuzimitsa makina ojambulira, saona LAD ndi circumflex zikudzaza mochedwa kuchokera kumapeto. Kadzazidweko amakapatsa mlingo wa Rentrop, kuyambira 0 (osadzaza n'komwe) mpaka 3 (kudzaza kwathunthu). Sikani ya CT ya mitsempha imathandiza kusiyanitsa kutsekeka ndi chilema chobadwa nacho, pomwe echo (sikani ya mtima) imaonetsa mphamvu yotsala mumtima.

Kawirikawiri chithandizo chake ndi opaleshoni ya bypass, yolumikiza mtsempha wina kuti magazi alambalale pamalo potsekekapo. Podikira, kumbukirani kuti mtima wonse wa bambo ukudalira mtsempha umodzi wakumanja uja. Asanyamule zolemera, asasiye mankhwala amene anapatsidwa, ndipo ululu ukawagwira atangokhala, kapena ukabwera ndi thukuta ndi kubanika, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga lipoti la angiogram lija.