Opanga ma poster a mashoo, tiyambe bungwe kapena ayi?

FUNSO: Akulu, ine ndimapanga ma poster a mashoo kuno ku Blantyre, ma album launch, mashoo a gospel, ma DJ, zonsezo. Promota amakuimbira usiku kuti poster ikufunika mawa mmawa, uchezera pa laputopu, bandulo yako yomwe, ikatuluka akuti tikulipira shoo ikatha, shoo ikatha foni sakuyankhanso. Wina anachita kufufuta dzina langa pansi pa poster nkuikapo logo yake. Anzanga ena akuti tiyambe bungwe lolembetsa kuboma, ena akuti nkutaya nthawi. Inu mukuti bwanji? Wojambula, Chilomoni

YANKHO: Achimwene, zofufuta dzinazo zandipweteka kwambiri, ndipo inde mukufunika kugwirizana, koma musayambe ndi masankho a tcheyamani ndi msungichuma. Yambani ndi ntchito, bungwe lizibwera pambuyo.

Vuto lanuli ndi lakalekale. Ku San Francisco ku America mu 1966 Wes Wilson ankajambula ma poster a mashoo a promota Bill Graham ku holo ya Fillmore, zilembo zake zopindikapindika zija anthu anazikonda mpaka kumamatula ma poster pamakoma kukasunga kunyumba, koma pofika 1967 awiriwa anasiyana atasemphana pa nkhani ya ndalama. Munthu wotchuka choncho, komabe anali yekha pokambirana ndi mwini shoo.

Nde onani zomwe anachita a mbadwo wotsatira. Mu 2002 ojambula ma poster anasonkhana ku San Francisco komweko kuonetsa ndi kugulitsa ntchito zawo, chionetserocho nkuchitcha Flatstock, ndipo chaka chotsatira chinafika ku fesitivo ya SXSW mumzinda wa Austin. Bungwe lawo la American Poster Institute, lomwe si lopanga phindu, ntchito yake yodziwika ndi kuyendetsa Flatstock imeneyi, yomwe inafika mpaka ku Hamburg ndi Barcelona. Lili moyo chifukwa membala amaona chomwe akupindula, ali ndi tebulo pa fesitivo, anthu akugula, oimba akumuona nkumupatsa ntchito ina.

Kungoti kwawoko poster ndi katundu. Amaisindikiza pamanja ndi silkscreen, njira yodutsitsa inki pa kansalu ka sefa, makope owerengeka, wojambula nkusaina ndi kulemba nambala pa iliyonse, okonda gulu loimbalo nkugula. Kwathu kuno poster imakhala pa status ya WhatsApp ndi pa Facebook mwina masabata awiri basi yafa, ndalama yanu yonse ili mthumba mwa promota mmodzi, akakuzembani mwagwira ntchito yaulere. Choncho chomwe chingakugwirizanitseni inu ndi nkhani ya malipiro.

Pezanani anthu khumi kapena kuposerapo amene mumadziwana ntchito, mugwirizane mtengo woti aliyense asatsike pansi pake, chifukwa chomwe chikukuphani ndi mnzanu yemwe amavomera ndalama ya bandulo yokha promota akangonena kuti kwinaku nzotchipa. Theka la ndalama lizilowa pa Airtel Money kapena Mpamba musanatsegule laputopu. Zomwe mukutumiza kuti aone zizikhala ndi watermark, chidindo chanu pamwamba pa chithunzi, yopanda chidindoyo ipite akamaliza kulipira. Nenaninso poyambirira kuti kusintha ndi kangati, poti timadziwa zija zoti onjezerani oimba ena atatu, kulitsani nkhope ya abwana, sinthani tsiku, mpaka poster imodzi yasanduka ntchito zisanu. Fayilo ya Photoshop, yomwe munthu angathe kusinthira poster yekha, ikhale ndi mtengo wakewake. Zonsezi zilembedwe, ngakhale pa meseji, bola pakhale umboni. Ndipo amene sanalipire mmodzi wa inu, enanu musamugwirire ntchito mpaka atalipira, koma pakhale umboni weniweni musanamutchule, osangoipitsa mbiri ya munthu chifukwa cha mkwiyo.

Pa dzina lanu lija, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula, ndipo wojambula ali ndi ufulu wodziwika kuti ntchito ndi yake. Pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, mukafunse mmene angakuthandizireni, mufunsenso za Copyright Fund, thumba la ndalama zothandizira aluso. Kulinso Visual Arts Association of Malawi, kacheze nawoni muone ngati opanga ma dizaini pa kompyuta angakhale ndi nthambi yawo mmenemo musanavutike kuyamba chatsopano.

Kulembetsa kwa Registrar General kudzafunika tsiku lomwe mudzafune akaunti ya kubanki ya gulu, kupempha thandizo la ndalama, kapena kusaina mgwirizano ndi okonza fesitivo ngati Tumaini ku Dzaleka kapena Sand Music kuti akupatseni malo oonetsera ntchito zanu. Ine ndingakonde mutayesa chimenechi chaka chino, musindikize ma poster anu abwino pa pepala lolimba, mutapempha kaye chilolezo kwa oimba amene nkhope zawo zili pamenepo, muike mitengo muone ngati anthu angagule. Mudzandilembere mundiuze mmene zayendera.