Mukaona Pwr pa GPU-Z, kukweza voltage sikungathandize

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake khadi lanu la zithunzi la RTX 3080 silikusunga liwiro limene mukuwonjezera, komanso ngati kukweza voltage (mphamvu yokankha magetsi) kungathandize. Chithunzi chimene mwaika cha GPU-Z, pulogalamu yoonetsa mmene khadi likugwirira ntchito, chikuyankha chokha. Pa mzere wa PerfCap Reason, umene umanena chimene chikuletsa khadi kuthamanga kwambiri, pakuoneka Pwr, kutanthauza kuti RTX 3080 yanu yafika pa malire a mphamvu ya magetsi amene analembedwa mu BIOS yake (pulogalamu ya m'kati mwa khadi imene imaliyendetsa), choncho liwiro limene mukuwonjezera mu pulogalamu ya MSI Afterburner khadilo likulibweza lokha kuti lisadutse malirewo. Vuto likanakhala kutentha, pakanaoneka Thrm. Ngati lanu ndi la Founders Edition, mtundu wa kampani ya Nvidia yeniyeni, malire ake ndi mawati 320, ndipo ngakhale mutakankhira Power Limit, chosinthira malire a magetsi mu Afterburner, kumapeto pa 115 peresenti, mudzaima pa mawati pafupifupi 370.

Amene akukuuzani kuti mukweze voltage akukulowetsani m'dzenje limene anandigwetsamo wokonza makompyuta wina amene ankadzitcha katswiri. Voltage ikakwera pang'ono chabe, magetsi amene khadi limadya amakwera kwambiri, ndiye limagunda malire msanga n'kutsitsa liwiro kuposa poyamba. Wokonza uja ataona kuti kukweza voltage kwalephera, anaika m'khadi langa BIOS ya khadi lina yokhala ndi malire okwera, kenako n'kulumikiza mapulagi onse awiri a 8-pin, olowetsa magetsi m'khadi, ku nthambo imodzi yogawanika kumapeto, yochokera ku power supply (chipangizo chopereka magetsi m'kompyuta) yotchipa imene anandigulitsa yekha, imene pa bokosi pake panalembedwa mawati 750. Pulagi imodzi ya 8-pin anaikonzera mawati 150, ndipo slot ya PCIe, polowera khadi m'kompyuta, imapereka 75 okha, koma mkuluyo analibe nazo ntchito zimenezi.

Ndinkamalizitsa kanema wa ukwati mu pulogalamu yokonzera makanema ya DaVinci Resolve masana a mu Okutobala kutatentha koopsa, eni ake atakhala kumbuyo kwanga akudikira kuti atenge kanema wawo. Kompyuta inangozima, popanda uthenga uliwonse pa sikirini, mafani onse n'kuima. Ndinayang'ana babu poganiza kuti magetsi athima, koma linali kuyaka, ndipo m'chipinda munadzaza fungo la pulasitiki yopsa. Nditatsegula bokosi ndinapeza pulagi imodzi itada, mbali ina itasungunuka n'kukanirira m'khadi, moti ndinaichotsa ndi pulayala manja akunjenjemera, mayi a mkwatibwi akundifunsa mobwerezabwereza ngati zithunzi za mwana wawo zapsa nazo. Nditamuimbira mkulu uja, anati vuto ndi mawaya a m'nyumba mwanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sayankhanso. Munthu wotere sayenera kugwira kompyuta ya munthu wina ngakhale kuipukuta fumbi kumene.

Siyanitsani zinthu ziwirizi. Liwiro likamatsika ndi kukwera koma kompyuta ikuyakabe, ndiye kuti khadi likudziteteza pa malire ake, ndipo palibe chimene chawonongeka. Ikamazima mwadzidzidzi, kayikirani power supply, chifukwa makhadi a RTX 3080 ndi 3090 amakoka magetsi oposa malire awo kwa kanthawi kochepa zedi, ndipo power supply yofooka imadzidula.

Kwa inu mankhwala ndi kutsitsa voltage. Mu Afterburner dinani Ctrl+F kuti mutsegule tchati cha voltage ndi liwiro, musankhe kadontho ka pa 875 kapena 900 mV, mukakwezere pafupi ndi 1,900 MHz, ndipo madontho onse a kumanja kwake muwayale pa mzere umodzi. Masewera akamatseka okha, tsitsani ndi 15 MHz mpaka akhazikike. Musayesere pa FurMark, pulogalamu yopanikiza khadi, chifukwa imeneyo imafikitsa khadi pa malire ngakhale lili bwinobwino. Yeserani pa masewera kapena ntchito imene mumagwira tsiku ndi tsiku. Chepetsaninso zimene mwawonjezera pa memory, popeza imadya pa mawati omwewo, ndipo muziona kutentha kwa memory (Memory Junction Temperature) mu pulogalamu ya HWiNFO, chifukwa GDDR6X, memory ya m'khadili, ikafika pa madigiri 110 khadi limadzichepetsanso. Pulagi iliyonse ikhale ndi nthambo yakeyake kuchokera ku power supply.

Zosintha BIOS musayerekeze n'komwe, chifukwa ikalakwika khadi likhoza kusayakanso ndipo waranti ikhoza kuthera pomwepo. Inu yambani ndi 875 mV, kenako mutitumizire chithunzi china cha GPU-Z tione ngati Pwr yachoka.