Mwana wanga ku Texas anaphonya tsiku la khoti, kodi akumufuna?

Funso

Akulu, ndine mayi wa zaka 58, ndimagulitsa nyemba ndi kapenta pa msika wa Kapata. Mwana wanga wachisamba ali ku America, mumzinda wa Dallas ku Texas, komwe amasamalira okalamba. Chaka chatha apolisi anamuimitsa pamsewu pa nkhani ya layisensi ndi inshuwalansi ya galimoto. Anagona m'maselo usiku umodzi, mnzake n'kumutulutsa pa belo, ndipo anamuuza kuti tsiku la khoti adzamulembera kalata. Kenaka anasamuka nyumba, kalatayo sanaione. Mwezi watha munthu wina anamuimbira foni, akuti ndi wakukhoti, pali chikalata chomumangira, alipire madola 1,500 tsiku lomwelo apo ayi amutsatira kuntchito. Kuchokera pamenepo mwanayo sagona, ndi galimoto yomwe anasiya kuyendetsa. Ine ndili ndi ng'ombe ziwiri kumudzi ku Chiparamba, ndikuganiza zogulitsa ndimutumizire. Tingadziwe bwanji ngati chikalatacho chilipodi?

Mayi wosowa tulo, Kapata

Yankho

Amayi, ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola. Amene anaimba foniyo ndi wakuba, ndipo pamenepa sindikukayika. Khoti silimuimbira munthu n'kumuuza kuti tumiza ndalama lero lomwe kuti tisakumange. Mbava zoterezi zimakonda kuuza munthu kuti akagule makadi a m'sitolo n'kuziwerengera manambala ake pa foni, kapena atumize ndalama pa foni kwa munthu wosamudziwa. Ndi ukathyali umodzimodzi ndi wa mauthenga aja amatifikira kuno akuti tumizani ndalama pa nambala iyi. Zimatha ngakhale kuchititsa kuti pa foni paoneke nambala ya ofesi ya boma, ndipo dzina ndi mlandu wa munthu zimangoziwerenga m'mabuku a khoti, poti kumeneko ambiri mwa mabukuwo ali poyera.

Koma ndikunamizani ndikakuuzani kuti nkhani yathera pomwepo. Woimbayo ndi wabodza, inde, koma chikalata chenichenicho chikhoza kukhalapo ndithu, chifukwa munthu amene anatuluka pa belo n'kusaoneka pa tsiku lake, kawirikawiri woweruza amatulutsa lamulo loti akamugwire. Pa Chingerezi amati bench warrant, ndipo bench ndi mpando uja amakhalapo woweruza. Chimachokera kwa woweruza mwiniwake chifukwa chakuti waitana munthu koma sanabwere. Chimasiyana ndi chikalata chimene apolisi amakapempha pofufuza mlandu watsopano.

Ndinagwirapo ntchito yomasulira m'khoti zaka zambiri, ndipo ndaziona izi zikuchitika pamaso panga. Dzina limaitanidwa mkati, kuli zii. Wapolisi amatuluka pakhonde n'kuliitananso mokweza, anthu okhala pamabenchi akuyang'anana. Akabwerera n'kupukusa mutu, woimira boma amaimirira n'kupempha chikalatacho, woweruza amalemba mizere iwiri, fayilo n'kutsekedwa. Mphindi zitatu sizikwana. Ku Texas nakonso lamulo limati dzina la munthuyo liitanidwe momveka pakhomo la khoti belo yake isanalandidwe. Ndipo akuluakulu sananame pamene anati mlandu suola. Chikalata chimenechi sichitha mphamvu chifukwa papita chaka kapena zaka khumi. Chimangokhala m'kompyuta ya apolisi kudikira tsiku limene adzamuimitse chifukwa cha nyali yakumbuyo yakufa.

Tsono kufufuza kwake kuli motere. Ku America milandu yambiri ya anthu wamba siisungidwa pamalo amodzi. America ili ndi maiko ang'onoang'ono 50, Texas ndi limodzi mwa iwo, ndipo pafupifupi lililonse linagawidwa m'zigawo zotchedwa county, zonga maboma athu a Chipata, Katete kapena Lundazi, ndipo county iliyonse ili ndi makhoti ake, makalaliki ake ndi mkulu wa apolisi wake wotchedwa sheriff. Texas yokha ili ndi ma county 254. Mlandu umakhala m'county imene anamugwirira, osati kumene akukhala tsopano. Apa mwana wanu asamale, chifukwa mzinda wa Dallas mbali yake yaikulu ili m'Dallas County koma unalowereranso ku Collin County ndi Denton County, ndipo akangoyenda pang'ono chakumadzulo ku Arlington kapena Fort Worth ndiye kuti walowa m'Tarrant County. Munthu akhoza kufufuza m'county yolakwika, osapeza kanthu, n'kugona tulo tabwino pamene dzina lake lili pa mndandanda wa county yoyandikana nayo.

Choyamba afunefune mapepala amene anamupatsa potuluka m'maselo. Pamenepo pali dzina la county, dzina la khoti, ndipo nthawi zambiri nambala ya mlandu. Ngati anataya, afunse mnzake uja anamutulutsa. Kumeneko belo nthawi zambiri imadzera ku kampani yochita malonda oimira anthu, imene imatenga gawo la ndalamazo, kawirikawiri limodzi mwa magawo khumi. Kampani imeneyo imadziwa nambala ya mlandu, ndipo imadziwanso ngati munthu wake anaphonya tsiku, poti ndalama zake ndi zimene zili pachiswe. Mnzakeyo ngati anasaina, nayenso nkhaniyi ikumukhudza, choncho asamubisire.

Akadziwa county, apite pa tsamba la pa intaneti la county imeneyo, pamene pamalembedwa za mabuku a khoti, alembe nambala ya mlandu kapena dzina ndi tsiku lobadwa. Ayese dzina lake m'njira zingapo, chifukwa maina athu amalembedwa molakwika kumeneko, chilembo chimodzi kusowa kapena dzina la bambo kukhala poyamba. Mlandu ukatseguka amaona mndandanda wa masiku ndi zimene zinachitika tsiku lililonse. Mawu oti awayang'anitsitse ndi failure to appear, kutanthauza kuti sanabwere, bond forfeiture, kutanthauza kuti belo inalandidwa, ndi capias, dzina limene makhoti a ku Texas amatchulira chikalata chomugwirira munthu. Ma sheriff ena amaikanso mndandanda wa anthu ofunidwa pa tsamba lawo. Masamba ena a malonda amene amati lipirani tikufufuzireni, awapewe. Amangokopera zakale, ndipo za ulere amakugulitsa.

Akapanda kupeza kanthu asathamangire kusangalala. Ku Texas milandu yaing'ono kwambiri, ya gulu la Class C, imene chilango chake ndi chindapusa chosapitirira madola 500, imakambidwa m'makhoti a mzinda kapena kwa woweruza wa milandu yaing'ono wotchedwa justice of the peace, ndipo sionekera nthawi zonse m'mabuku a khoti la county. Ya Class B, imene ingafike masiku 180 m'ndende ndi madola 2,000, ndi ya Class A, imene ingafike chaka chimodzi ndi madola 4,000, ndiyo imapita ku makhoti a county. Mlandu woyendetsa galimoto layisensi itaimitsidwa umayambira pa Class C, koma umakwera kufika pa Class B ngati inshuwalansi panalibe. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona ngati wa mwana wanu uli pamenepo. Palinso kaundula wamkulu wa dziko lonse wotchedwa NCIC, wosungidwa ndi FBI, apolisi ofufuza a boma lalikulu la America, kuyambira 1967, koma ameneyo amatsegula ndi apolisi okha. Ndiye chotsimikiza ndi kuimbira ofesi ya kalaliki wa khoti, pa nambala imene waitenga yekha pa tsamba la county, osati imene anamupatsa woimba uja. Apereke nambala ya mlandu n'kufunsa mmene mlanduwo ulili. Ngati mukufuna kukhala naye pa WhatsApp pamene akuimba, maofesiwo akamatsegula 8 koloko m'mawa kuno imakhala 15 kapena 16 koloko, malinga ndi nyengo.

Chimene ndikumuletsa ndi kupita yekha ku ofesi ya sheriff kukafunsa pakauntala. Chikalata chikapezeka, amumanga pomwepo.

Ayambe wapeza loya wa milandu ya upandu wa m'county imeneyo. Loya amatha kufufuza popanda kumuika pangozi, amatha kupempha woweruza kuti achotse chikalatacho n'kupereka tsiku latsopano, kapena kukonza belo yatsopano pasadakhale kuti pokadzipereka asagonenso m'maselo. Asonkhanitse umboni wa kusamuka kwake, monga pangano la lendi la nyumba yatsopano lokhala ndi tsiku. Ngati ndalama za loya palibe ndipo mlanduwo ungamulowetse m'ndende, ali ndi ufulu wopempha khoti kuti limupatse loya wa boma.

Pali china chimene sindingachilumphe, poti mwana wanu ndi mlendo m'dzikomo. Munthu akalowetsedwa m'ndende ya county amamudinda zala, ndipo zidindozo zimafikanso ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Choncho loyayo amuuze zoona zokhazokha za mapepala ake okhalira m'dzikomo, ndipo asavomere mlandu uliwonse kungoti zithe msanga. Mu 2010 Khoti Lalikulu la America, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, linagamula kuti loya ayenera kumuuza mlendo ngati kuvomera mlandu kungachititse kuti athamangitsidwe m'dziko. Akamangidwa alinso ndi ufulu woti ofesi ya kazembe wa Zambia ku Washington idziwitsidwe.

Ndikukumbukira abambo awiri amene anaphonya masiku awo mwezi umodzi. Wina anabwera yekha Lolemba m'mawa, atavala jekete yake, kapepala ka kuchipatala katapindidwa kanayi m'thumba. Manja ankanjenjemera pokapereka. Woweruza anakawerenga, anamudzudzula pang'ono, n'kuchotsa chikalatacho, ndipo nkhomaliro anakadyera kwawo. Winayo anamutsitsa m'basi Lachisanu madzulo, thumba la ufa lili pamiyendo, ndipo anafika pamaso pa woweruza Lolemba atagona masiku atatu m'maselo, belo n'kumukaniza. Woweruza wa ku Texas nayenso amayang'ana ngati munthu wabwera ndi miyendo yake kapena ndi unyolo. Muimbireni mwanayo usiku uno, ayambe kufunafuna mapepala aja. Ng'ombe imodzi ikadzafunika kugulitsidwa, idzakhale ya loya amene mwana wanu wakhala naye pansi mu ofesi n'kumupatsa lisiti.

Funso

Ndinaimira mphwanga pa belo ku khoti la majisitireti, ndinasaina K5,000. Iye anadutsa pa Mwami kupita ku Malawi ndipo tsiku lake linapita. Kodi nanenso andimanga?

Malume, Mchini

Yankho

Achimwene, chikalata chomanga chimatuluka m'dzina la mphwanu, koma inu khoti likuitanani kuti mufotokoze kumene ali ndi chifukwa chimene ndalama munasainirazo zisalandidwire. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu ya upandu, Cap 88, limalola khoti kulanda katundu wa woimira mnzake kapena kumutsekera akalephera kulipira, ndipo mukakana kubwera ataitana, chikalata chikhoza kutulukanso cha inu. Musadikire samani. Pitani ku ofesi yosunga mafayilo pa khotipo ndi NRC yanu ndi nambala ya mlandu, mufunse tsiku lotsatira, ndipo tsikulo mukakhalepo m'mawa. Mukadutsenso ku Legal Aid Board pano pa Chipata akuuzeni mmene mungapemphere nthawi yoti mumusake, kapena kuti akuchotseni pa udindo womuimira. Pakadali pano tumani uthenga kwa abale a ku Mchinji amuuze abwere, mudzalowe naye limodzi m'khoti.